Tsache la Amayi ndi Mlandu wa Taiga

Galu sasenda nyama. Akagwira kanyama amakaluma pamsana, kukapukusa mpaka mafupa athyoke, kenako n'kukasiya konse, ubweya uli nyowenyowe ndi dovu. Mfundo yaing'ono imeneyi tikanaidziwa msanga kwathu ku Lang'ata, mumzinda wa Nairobi, galu wanga Taiga sakanatsala pang'ono kuchotsedwa pakhomo pa mlandu womwe sanapalamule.

Ndikukumbukira bwino malowo. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo tinkachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu ya Mama Njeri, mayi wamasiye amene anali ndi sitolo ya nsalu m'tauni. Bambo anga ankagwira ntchito mu ofesi ya mpingo, ntchito imene inatichotsa ku Ntcheu ine ndisanayambe sukulu. Mpanda umodzi unazungulira nyumba ziwirizo pamodzi ndi mitengo ikuluikulu imene malemu amuna awo a Mama Njeri anakana kudula. Waukulu pa yonse unali mkuyu wa pangodya, kutali ndi makomo athu. Tindege ta pa bwalo la ndege la Wilson tinkadutsa pamwamba pake tsiku lonse, ndipo nkhalango yosungira nyama inali pafupi moti bambo ankauza alendo kuti mikango ndi anansi athu, ngakhale eni akewo anali asanamvepo ndi umodzi womwe ukubangula.

M'mitengomo munkakhala mbira. Amayi anatenga nthawi kuti avomereze zimenezi, chifukwa mbira zimene ankazidziwa kwathu ndi za m'matanthwe, zoothera dzuwa pamwala. Za ku Lang'ata zinali za m'mitengo, ndipo anthu a kumeneko ankazitcha pimbi. Kukula kwake ngati mphaka wonenepa, mchira palibe, ubweya wotuwa wautali, kabanga koyera pamsana. Masana zinkagona m'mphako kapena kungokhala phee panthambi, kukada n'kuyamba kudya masamba. Kulira kwake kunkayamba ngati chitseko cha dzimbiri, n'kuthera ngati munthu amene akum'kanyanga pakhosi. Mlendo aliyense wochokera ku Malawi akagona kwathu, m'mawa ankafunsa ngati apolisi anabwera. Mama Njeri ankazikonda mbirazo. Ankati amuna awo anazisiyira mitengo, choncho iwo ankazisiyira makoko a nthochi ndi masamba a sukuma, ndiwo yonga repu, patsinde, ndipo ankazitchula kuti ana awo.

Taiga ndinam'tola ali kamwana m'ngalande, pafupi ndi pokwerera maminibasi amene kumeneko amawatcha matatu. Dzinalo ndinam'patsa poyembekezera kuti adzakhala wolusa. Sizinatero. Anakula n'kukhala galu wofiirira, wamakutu ogwa, woopa bingu, njinga ndi nkhukundembo ya anthu a kuseri kwa mpanda. Luso lake linali limodzi lokha, kutola. Chilichonse chimene wachipeza pabwalo, kaya ndi nsapato, chitsononkho, kapena chipewa cha munthu wodzakonza mpope, ankabwera nacho pakhonde pathu n'kuchiika pansi mwaulemu, iye n'kukhala pambali kudikira kuyamikiridwa.

M'mawa wina ndikuvala yunifolomu, anabwera ndi chikopa cha mbira.

Mwatsoka Mama Njeri anali pomwepo, atabwera kudzatigawira mapeyala. Anayang'ana chikopacho, kenako anayang'ana Taiga, yemwe ankagwedeza mchira ngati wapambana mpikisano. Sanakalipe. Anangoti, "Mama Tadala, mbwa wanuyu wandidyera mwana." Tadala ndine, ndipo mbwa ndi galu m'Chiswahili. Amayi anapepesa m'Chiswahili, anapepesa m'Chingerezi, mawu atawathera anamalizira m'Chichewa uku akunjuta ndi mbale ya mapeyala m'manja.

Chigamulo choyamba chinali chophweka. Popeza mbira zimayenda usiku, Taiga azigona pa unyolo, masana azimasulidwa. Bambo anagula unyolowo, koma pa mlanduwo anali ndi maganizo awoawo. Iwo ankakhulupirira kuti ndi kambuku wochokera kunkhalango. Anali munthu wowerenga nyuzipepala kuyambira tsamba loyamba mpaka la maliro, ndipo nkhani iliyonse ya chilombo chimene chadumpha mpanda wa nkhalango ankaisunga m'mutu. Anagulanso tochi yaikulu yosakira kambukuyo. Tochiyo inkakhala pawindo, ndipo sindikukumbuka tsiku limene inatulukapo panja.

Unyolo sunathandize. Sabata yotsatira Taiga anabwera ndi mwendo wa mbira masanasana, dzuwa lili paliwombo. Patapita masiku anabweranso ndi chikopa china. Amayi anati ndiye kuti galuyo wazolowera, tsopano wayamba kusaka ndi masana omwe. Mama Njeri anabwera madzulo ena, tepi yoyezera nsalu idakali m'khosi monga mwa masiku onse, n'kukhala pampando wa pakhonde. Analankhula mofatsa. Anati mchimwene wawo ali ndi munda ku Kiserian, amaweta mbuzi, ndipo akusowa galu wozilondera. Galimoto yake idzabwera kutha kwa mwezi. Bambo anavomera, chifukwa nyumba inali ya eni ake ndipo lendi yotsika mtengo ngati imeneyo ku Lang'ata sinkapezeka wamba. Ine ndinalowa m'nyumba. Ndinkadziwa zilombo zimene zimabwera kudzadya mbuzi kumbali ya Kiserian, ndipo ndinkam'dziwanso galu amene amathawa nkhukundembo.

Chimene chinkandivuta chinali chikopa chija. Ndinali nditachiona bwino chisanatayidwe. Chinali chotembenuzidwa, ubweya m'kati, ngati sokosi imene munthu waivula mothamanga. Chinali chouma, chopanda dovu, chopalidwa bwino moti panalibe ndi kamnofu komwe. Taiga ndinkam'dziwa kadyedwe kake. Ukam'patsa fupa, bwalo lonse linkadziwa. Nsapato ya bambo ya kutchalitchi anaisandutsa zingwe. Sindinkaona mmene galu ameneyo akanakhalira pansi n'kusenda mbira mwaudongo chotero.

Nditaweruka kusukulu tsiku lina ndinam'tsatira. Anazungulira dimba la amayi la nkhwani, anadutsa pa thanki ya madzi, n'kulunjika pansi pa mkuyu wa pangodya. Pamenepo ananunkhiza pansi, kenako anakweza mphuno m'mwamba n'kukhala chiyang'anire. Ndinafufuza pansipo kuti mwina ndipeza mapazi a chilombo kapena magazi. Ndinapeza dothi losalala, lofiira, lokhala ndi mizere yokhota yoyalana bwinobwino ngati mamba a nsomba. Inali mizere ya tsache la amayi.

Apa ndiyenera kufotokoza za amayi ndi kusesa. Amayi anga anakulira m'mudzi momwe mkazi amadziwika ndi bwalo lake. Kukangocha, madzi a tiyi asanaikidwe pamoto, iwo anali atawerama kale panja, dzanja limodzi kumsana, lina likuyendetsa tsache. Matsache a m'masitolo a ku Nairobi ankawanyoza kuti ndi osesera pa simenti, choncho aliyense wobwera kuchokera kumudzi ankatumidwa tsache la udzu, ndipo linkafika litakulungidwa m'chitenje pamodzi ndi usipa ndi nsinjiro. Sankasesa mbali yathu yokha. Kwa iwo kulekezera pamalire kunali mwano, choncho ankasesa mpanda wonse, mpaka kukhomo kwa Mama Njeri, mpaka pansi pa mkuyu pomwe sipankafika munthu. Zinyalala ankaziwola n'kukazitentha kudzala. Dzuwa likamatuluka, bwalo linali ngati palibe chimene chinayendapo chiyambire dziko.

Ndinapita kudzalako ndi kamtengo. Phulusa linali lidakali lofunda, likununkha masamba opserera ndi pulasitiki. Nditavundukula ndinapeza kansagwada ka mbira, mano akadali momwemo, ndi phata la nthenga yaikulu yopsa theka. Ndinathamangira kukhitchini.

"Amayi, pansi pa mkuyu paja mumasesapo chiyani?"

"Zinyalala."

"Zinyalala zanji?"

"Iwe Tadala, munthu amasesa akuwerenga? Zinyalala ndi zinyalala. Kasambe m'manja, wagwira za kudzala."

Ndinawapempha kuti asiye kusesa mpaka kutha kwa mwezi. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti asiye kusamba. Vuto linalinso lakuti Loweruka lomwelo inali nthawi yawo yolandira amayi a Chimalawi. Azimayiwa ankakumana mwezi ndi mwezi kunyumba kwa mmodzi wa iwo, kupemphera, kuimba nyimbo za kwathu ndi kugawana nkhani. Ena ankachokera ku Embakasi, ena ku Gigiri. Onse anali ndi maso.

Amene anandithandiza ndi bambo, pa chifukwa chawochawo. Pa chakudya chamadzulo anafotokoza kuti pamalo pamene pachitika mlandu apolisi amamangapo chingwe, ndipo saloleza munthu kukhudzapo kanthu. Iwo ankayembekezera kuti pansi pakapanda kusesedwa, mapazi a kambuku wawo aoneka.

"Mayi a Tadala, ndi pangodya pokha," anatero. "Kwina konse sesani mmene mungafunire."

"Bambo a Tadala, alendowo akadzanena, adzanena za ine, osati za inu."

"Ndidzawauza kuti ndi lamulo langa."

"Aliyense akudziwa kuti inu simudziwa ndi pamene tsache limagona."

Komabe anavomera, mwina chifukwa anaona kuti mbale yanga sindinaikhudze. Mbali yanga ya pangano inali yakuti Taiga akhale pa unyolo usana ndi usiku, kuti chilichonse chogwa pansi pa mkuyu chikhale pomwe chagwera.

Masiku amenewo anavutika ndi awiri, galu ndi amayi. Taiga ankalira mwakachetechete, mutu atautsamiritsa pamiyendo. Amayi ndinkawaona pawindo m'mawa uliwonse. Ankasesa mofulumira kuposa kale, n'kufika pamzere umene bambo analemba ndi chidendene cha nsapato, n'kuima. Ankawongoka, tsache m'manja, n'kuyang'ana masamba ndi nkhuyu zowola zimene zinkachulukirachulukira kutsidya kwa mzerewo. Tsiku lina ndinawaona akukankhira mzerewo patsogolo pang'ono ndi chala cha kuphazi. Ndinagogoda pagalasi, iwo n'kunamizira kuti akukanda mwendo.

Ine ndinkapitako ndikaweruka, osaponda m'kati. Poyamba panalibe chilichonse koma masamba ndi nyerere. Kenako panayamba kuoneka mizere yoyera ngati laimu, yaitali, yowazika pamasamba kuchokera m'mwamba. Tsiku lina ndinaona timagulu ta ubweya wotuwa, touma, tikuuluzika ndi mphepo. Mapazi a kambuku sanaoneke. Lachisanu madzulo, pakati pa mizu, panali pagwa chikopa china, ndipo pambali pake panali chigaza.

Loweruka alendo anafika atavala zitenje zawo zabwino, nyumba n'kudzaza ndi fungo la mafuta odzola ndi mandasi. Anaimba, anapemphera, anamwa tiyi. Atatha, monga mwa chizolowezi, anatuluka kukathyola nkhwani kudimba la amayi, chifukwa ambiri a iwo ankakhala m'nyumba zosanja zopanda ndi pobzala tsabola. Woyamba kuona pangodya paja anali Mayi Chirwa, amene ankagwira ntchito m'maofesi akuluakulu a ku Gigiri ndipo ankabwera pa takisi atavala nsapato za gogoda.

"Mayi a Tadala, tsache linathera apa?"

Amayi anaika nkhwani pansi. "Si ulesi ayi, achemwali. Pali mlandu."

Sanafune kuti alendo achoke ndi mbiri ya bwalo losasesa, choncho anawatengera onse kumkuyu n'kuwafotokozera nkhani yonse, kuyambira pa mapeyala mpaka pa galimoto ya ku Kiserian. Ndinkayembekezera kuti azimayiwo anyansidwa. M'malo mwake anakokera zitenje m'mwamba n'kuzungulira chikopacho. Onsewo, a m'maofesi ndi a m'nyumba omwe, anakulira pamakomo oweta nkhuku ndi nkhunda, ndipo aliyense anali ndi chilombo chake chimene ankachisungira chakukhosi.

Mayi Mbewe a ku Embakasi anati ndi mwiri. Anati mwiri unawathera nkhunda amayi awo ku Dowa. Umaluma pakhosi, umadya mutu ndi pachifuwa, thupi n'kulisiya. Amayi anawayankha kuti apa zinali zosiyana, mutu ulipo koma thupi ndi limene lapita. Wina anati ndi kadzidzi, ndipo azimayi awiri anabwerera m'mbuyo pang'ono atamva dzinalo. Mayi Chirwa anati kadzidzi akadya amalavula timibulu ta ubweya ndi mafupa pansi pa mtengo umene amagonamo. Anatola kamtengo, anawerama pa gogoda wawoyo, n'kuvundukula masamba mozungulira tsinde. Timibulu sitinapezeke. Za galu anazikana onse. Anati galu amathyola msana, amasiya mabala a mano awiriawiri, ubweya n'kumatana ndi dovu, ndipo nthawi zambiri nyamayo sadya n'komwe, amangoseweretsa.

Bambo, amene anathawira kuchipinda ndi nyuzipepala chifikireni alendo, anatulukira atapisa manja m'matumba. Anafunsa mwaulemu ngati amayiwo aganizirapo za kambuku.

"Kambuku kanyama kakang'ono chonchi amadya ndi mafupa omwe, abambo," anatero Mayi Chirwa. "Komanso akanakanda tsinde pokwera. Onani khungwali, lili bwinobwino. Ndiponso mukanakhala ndi kambuku pano, woyamba kudyedwa akanakhala galuyo. Mwam'mangirira kale pa unyolo ngati ndiwo za mlendo."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Bambo anati mfundoyo ndi yomveka, n'kukhala pomwepo, chifukwa nkhani inali itawakomera.

Amayi sanaseke nawo. Anali atanjuta pafupi ndi chigaza chija, akuchitembenuza ndi kamtengo. Chinali ndi mabowo ozungulira, osalala m'mphepete, ngati oboola ndi msomali, ndipo kumbuyo kwake kunali kotsegulidwa. Anayang'ana mabowowo, anayang'ana mizere yoyera ya pamasamba, kenako anapinda zala za dzanja lawo n'kuziika pamwamba pa chigazacho osachikhudza.

"Iyi ndi mbalame," anatero. "Kabawi akagwira mwanapiye amagwira chonchi. Koma iyi dzanja lake ndi lalikulu ngati langali." Analoza mizere yoyera ija. "Zitosizi ndakhala ndikuzikwirira ndi dothi m'mawa uliwonse. Ndinkati ndi za mbalame zaphokoso zimene zimatera padenga zija. Nthenga nazonso ndatenthapo zingapo. Zazitali, zamizeremizere."

Mayi Chirwa anati ngati ndi choncho ndiye kuti ndi chiwombankhanga cha m'nkhalango, chokhala ndi tsumba pamutu, chimene kwawo ku Mulanje chinkagwira apusi ndi ana a gwape. Anati chimasaka masana, chimadyera panthambi, chimasenda chikopa ndi mlomo, ndipo nyama yotsala chimaipachika mumtengo kuti chidzadye mawa. Atangotero, tonse tinakweza mitu monga ankachitira Taiga. Zinatenga kanthawi kuti maso azolowere mdima wa masamba. Amene anayamba kuona anali Mayi Mbewe. Pamphanda ya nthambi ina, pamwamba kwambiri, panali patapanikizika mwendo wa mbira, ntchentche zikuuzungulira. Nthambiyo inali yowonda ngati mpini wa khasu. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavomera okha kuti kambuku sangakhalepo.

Mama Njeri anatipeza tili choncho, gulu la azimayi a zitenje, bambo mmodzi ndi mwana, tonse makosi m'mwamba. Anali akuchokera kusitolo. Amayi anawafotokozera m'Chiswahili chawo chosweka, Mayi Chirwa akuthandizira m'Chingerezi. Anamvetsera osadula mawu, koma nkhope yawo sinasinthe. Anali munthu wamalonda, wozolowera kuuzidwa nkhani zokoma ndi anthu ofuna kutsitsa mtengo. Anati mbalameyo sanaione, mwendo uli m'mwambawo akuuona, koma chimene iwo anachiona ndi maso awo ndi galu ali ndi chikopa kukamwa.

Kenako anavula tepi ya m'khosi ija. Anatola chigaza ndi tsamba la mkuyu, n'kuyeza kutalikirana kwa mabowo, chala chachikulu chitatsina pa tepi. Anandiuza kuti ndibwere ndi galu. Ndinam'masula Taiga, yemwe ataona khamu la anthu anafuna kubisala kumbuyo kwa miyendo yanga. Ndinam'khazika pansi n'kum'kweza milomo. Mpweya wake unkanunkha nsima ya dzulo ndi usipa. Mama Njeri anawerama n'kuika tepi pa mano ake awiri akuthwa aja. Anandiuza kuti ndim'gwire bwino. Anayeza kawiri. Mano a Taiga anali oyandikana kwambiri kuposa mabowo aja. Komanso mabowowo sanali awiriawiri ngati a mano. Angapo anali mbali imodzi, ndipo limodzi lalikulu linali lokha mbali inayo.

Anawongoka, anabwezera tepi m'khosi, n'kumuyang'ana galuyo.

"Pole, mbwa," anatero, kum'pepesa galuyo m'Chiswahili. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Mama Tadala, ndimuimbira mchimwene wanga asavutike ndi mafuta. Koma muuzeni mwana wanuyu kuti mbwa wake asamabwere ndi maliro pakhonde. Mtima wanga sukufuna kumaona."

Alendo anatenga nkhwani zawo n'kumapita, akukanganabe za mwiri ndi kadzidzi mpaka pachipata. Chipata chisanatsekedwe n'komwe, amayi anali atatenga kale tsache. Anafuna kumaliza dzuwa lisanalowe, poti kwathu usiku sasesa. Anasesa pangodyapo mwaukali, fumbi lofiira koboo, Taiga akuthamanga mozungulira mtengo ngati kamwana. Chigaza chija bambo anachipempha, n'kuchiika pawindo pafupi ndi tochi.

Mbalameyo ndinadzaiona kamodzi kokha, patapita nthawi. Ndinali kuchapa sokosi panja pamene mbalame zonse za m'mpanda zinayamba kulira nthawi imodzi, kenako zii. Chinthu chachikulu chamapiko otambalala, chofiirira kunsi, chinadutsa pakati pa mitengo osagunda ndi tsamba limodzi, n'kutera mumkuyu. Miyendo yake inali yonenepa ngati mkono wanga. Chinandiyang'ana ndi maso achikasu kwa kanthawi, ndipo ndinazindikira kuti chikundiyeza kukula. Taiga anali kale pansi pa tebulo m'nyumba. Mama Njeri poyamba anafunsa bambo ngati pali njira yochithamangitsira. Atamva kwa mnzawo wina kuti anthu amayenda maulendo ataliatali ndi magalasi oonera patali kuti aone mbalame imeneyo, anasintha. Anayamba kutengera alendo awo kumkuyu kukawaonetsa zitosi. Mbira zinachepa koma sizinathe, zinangochenjera, n'kusiya kuothera dzuwa poyera.

Lero ndimakhala ku Embakasi, pa nyumba yosanja, ndipo ntchito yanga ndi yolemba nkhani. Mabwalo a dothi atsala ochepa mumzinda uno. Paliponse ndi simenti kapena timiyala toyala, totsukidwa ndi paipi, pomwe ngakhale njovu itadutsa singasiye phazi. Mphaka akasowa, anthu safufuza pansi. Amapita kwa mlonda kukaona kamera, ndipo kamera ikakhala kuti inayang'ana kwina, amangosankha galu wa munthu amene sagwirizana naye n'kumulemba pagulu la pafoni. Ana anga amadziwa kulira kwa ndege zikuluzikulu, amatha kusiyanitsa imene ikutera ndi imene ikunyamuka, koma mbira ya mumtengo sanaimvepo. Nditayesa kuwayeserera kulira kwake, mnansi wathu anagogoda kudzafunsa ngati kuli bwino.

Taiga sanapite ku Kiserian. Anakhala m'mpanda uja mpaka mlomo unachita imvi ndi maso kuchita khungu, akutolabe nsapato za anthu. Atafa, Mama Njeri eni ake ndi amene analoza pom'kwirira, pakati pa mizu ya mkuyu, ndipo anapereka chidutswa cha nsalu ya m'sitolo mwawo chom'kulungira. Makolo anga anabwerera ku Ntcheu bambo atapuma pa ntchito. Mama Njeri anamwalira, ndipo ana awo, amene amakhala kunja, anagulitsa malowo.

Mwezi wathawu ndinadutsako pa ntchito ina. Chipata chinali chotsegula, nyumba zonse ziwiri zitasasulidwa madenga. Mkuyu ulipobe, koma aupaka penti yofiira patsinde pamodzi ndi mitengo ina yonse. Pansi pake panali masamba ofika m'kakolo, ndipo nditavundukula ndi nsapato ndinapeza timibulu ta ndowe za mbira, tatsopano. Mizere yoyera ija sindinaione. Kapitawo amene ndinam'peza pamalopo anati pamangidwa nyumba zosanja, ndipo pangodya pamene pali mkuyu padzakhala poimika magalimoto. Odula mitengo akuyembekezeka kufika mvula ikangosiya.